Wosewera kiriketi amene Lolemba amapezeka ku ofesi

Pa 6 Juni 2024, ku Grand Prairie pafupi ndi mzinda wa Dallas, timu ya kiriketi ya America inagwetsa Pakistan mu mpikisano wa dziko lonse wa T20, mtundu waufupi wa kiriketi. Pakistan ndi akamuna pa masewerowa, chikho chomwechi anachitengapo mu 2009, pamene America kanali koyamba kupondamo. Gemu itatha matimu awiriwa anali atafanana mphamvu, choncho mbali iliyonse inapatsidwa mipira 6 yowonjezera kuti padziwike mwini tsiku. Amene anaponyera America mipira yomalizayo anali Saurabh Netravalkar, ndipo Pakistan inalephera kufika pa ma run, kapena kuti mapointi a kiriketi, amene ankafunika.

Kutacha, nkhani imene inali m'kamwam'kamwa sinali ya kaponyedwe kake ayi. Anthu anatulukira kuti mkuluyu ndi injiniya wa mapulogalamu a kompyuta ku kampani ya Oracle, ndipo kumpikisanoko anapita atachita kupempha tchuthi. Patangodutsa masiku 6 anatulutsanso Virat Kohli, womenya mpira wotchuka wa India, pa mpira woyamba umene Kohli anakumana nawo. Ambiri anadabwa. Zitheka bwanji munthu wa mu ofesi kuchita zoterezi? Nanga ngati luso lake ndi lotere, akukakamiriranji pa kompyuta?

Kudabwaku kumabwera chifukwa tikamva za wosewera wamkulu timaganiza za munthu amene amadya za masewero basi. Mu kiriketi anthu otero alipo, koma ndi ochepa. Pansi pawo pali khamu la osewera a m'mipikisano ya m'dziko, amene kwa zaka zoposa 150 akhala akuthamanga pakati pa bwalo ndi ntchito ina. Netravalkar anachokera m'khamu lomwelo. Anabadwira ku Mumbai mu 1991, anasewerera timu ya achinyamata ya India mu 2010, anasewera gemu imodzi yokha ya Ranji Trophy, mpikisano waukulu wa m'dziko la India, mu 2013, ndipo ataona kuti malo mu timu ya Mumbai ndi olimbirana, anapita kukaphunzira ku yunivesite ya Cornell ku America mu 2015. Pofuna kumvetsa moyo wotere, pali funso limodzi loti tiziyenda nalo: masiku amene wosewera ali pabwalo osati kuntchito, amamulipira ndani? Dziko lililonse linapeza yankho lakelake.

Kodi kiriketi ya m'dziko ndi chiyani?

Kiriketi ili ndi masitepe atatu. Pansi pali makalabu a m'madera, momwe anthu amasewera Loweruka ndi Lamlungu, nthawi zambiri akuchita kusonkha okha ndalama zoyendetsera timu. Pamwamba pali matimu a maiko. Sitepe yapakati ndiyo tikunena pano: matimu a zigawo, a mizinda kapena a mabungwe amene amapikisana m'dziko limodzi, ndipo oimira dziko amasankhidwa m'menemo. Ku England mpikisano wake ndi County Championship, umene unakhazikitsidwa mwalamulo mu 1890 ndipo lero uli ndi matimu 18. Ku Australia kuli Sheffield Shield ya matimu 6, imene inayamba mu 1892. Ku India kuli Ranji Trophy, ya mu 1934, imene ili ndi matimu 38. Kuno kumwera kwa Africa, Zimbabwe ili ndi Logan Cup.

Chimene chimasiyanitsa mipikisano imeneyi ndi masewero ena ndi kutalika kwake. Gemu ya mtundu wa first-class imakonzedwa kuti itenge masiku atatu kapena kuposerapo, timu iliyonse n'kumenya kawiri. Bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse linakhazikitsa tanthauzo limeneli mu 1947. Masiku ano magemu ambiri otere amatenga masiku 4, tsiku lililonse maola pafupifupi 6, osawerengera nthawi ya nkhomaliro ndi ya tiyi. Inde, gemu imaima kuti osewera amwe tiyi. Palinso mitundu iwiri yaifupi. Wina ndi wa tsiku limodzi, wa ma over 50 mbali iliyonse, ndipo over imodzi ndi mipira 6. Winawo ndi T20, wa ma over 20, umene unayamba ku England mu 2003 ndipo umatha m'maola atatu ndi pang'ono.

Tsono werengerani nokha. M'zaka zaposachedwa timu ya County Championship yakhala ikusewera magemu 14 pa nyengo. Amenewo ndi masiku 56, ambiri a mkati mwa sabata. Onjezanipo masiku a ulendo, masiku okonzekera, ndi mipikisano yaifupi ija. Wa mpira wamiyendo atha kuweruka Loweruka masana, kukasewera mphindi 90, Lolemba n'kupezeka pa desiki. Wa kiriketi ya masiku 4 sangatero. Ndipo palibe bwana amene angapereke tchuthi cha miyezi itatu chaka ndi chaka popanda choti iyenso apezepo.

Mabwana ndi antchito mu timu imodzi

Ku England, kumene masewerowa anabadwira, yankho loyamba linatsata kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mu timu imodzi munkakhala magulu awiri. Gulu loyamba linali la anthu a chuma kapena a ntchito zapamwamba, monga maloya, aphunzitsi a sukulu zodula, abusa ndi ana a eni minda, amene ankati akusewera pongosangalala ndipo salandira malipiro. Gulu lachiwiri linali la osewera olipidwa, ambiri ochokera m'migodi ndi m'mafakitale. Harold Larwood, mmodzi mwa oponya mpira mwaliwiro amene dziko linkawaopa m'zaka za m'ma 1930, anayamba ntchito ya mumgodi wa malasha ali ndi zaka 14. Kwa munthu ngati iye, kiriketi sinali chosangalatsa chabe, inali khomo lothawira mumgodi.

Kusiyanaku sikunali kobisika. M'mabwalo ambiri magulu awiriwa ankavalira m'zipinda zosiyana ndipo ankalowera pa zipata zosiyana. Pa pepala la zotsatira, zilembo za maina oyamba a bwana zinkalembedwa patsogolo pa dzina la bambo ake, za wolipidwa zinkabwera pambuyo. Kuyambira 1806 kunkachitika gemu ya Gentlemen ndi Players, mabwana mbali iyi, olipidwa mbali inayo. Ukaputeni unali wa mabwana, mwakuti pamene England inasankha Len Hutton, wosewera wolipidwa, kukhala kaputeni mu 1952, inali nkhani yaikulu.

Chitsanzo chotchuka cha munthu wa ntchito ziwiri m'nthawi imeneyo ndi W.G. Grace, dokotala wa ku Bristol. Anayamba maphunziro a udokotala mu 1868 koma anamaliza mu 1879, chifukwa chilimwe chilichonse mabuku ankatsekedwa. Atayamba ntchito ankathandiza odwala kudera la anthu osauka la mzindawo, ndipo ikafika nyengo ya kiriketi ankasiyira dokotala wina, amene ndalama zomulipira ankaziika pa mndandanda wa zimene wawononga posewera. Apa mpamene chinyengo cha dongosololi chimaonekera. Pa pepala Grace sankalipidwa, koma pa ulendo wa ku Australia wa mu 1891 analandira mapaundi 3,000, ndalama imene wosewera wolipidwa sakanailota n'komwe.

Ena anali oona mtima kuposa pamenepo. David Sheppard wa timu ya Sussex anadzozedwa ubusa mu 1955, anapitiriza kusewerera England mwa apo ndi apo ntchito ya mpingo ikalola, ndipo mu 1975 anakhala bishopu wa Liverpool. Koma nkhondo yachiwiri itatha, anthu okwanitsa kukhala chilimwe chonse osalandira kanthu anachepa kwambiri. Makalabu anayamba kuwapatsa timaudindo ta mu ofesi tongonamizira kuti azilandira ndalama mwakachetechete. Kumapeto kwa 1962 akuluakulu anathetsa kusiyanaku, ndipo kuyambira 1963 onse anangokhala osewera.

Kontrakiti ya miyezi 6

Kukhala wolipidwa sikunatanthauze kulipidwa chaka chonse. Ku England kiriketi imaseweredwa kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, ndipo kwa zaka zambiri kontrakiti inkathera pomwepo. Okutobala akafika, aliyense aziona yekha. Amwayi ankapita kukaphunzitsa kapena kukasewerera makalabu ku South Africa, Australia ndi New Zealand, kumene chilimwe chimakhala chikuyamba kumene. Otsala ankayendetsa magalimoto, kugulitsa katundu, kugwira za zomangamanga, kapena kukhala opanda ntchito kudikira Epulo.

Ena ntchito yawo ya nyengo yozizira inali mpira wamiyendo. Denis Compton ankamenyera Middlesex ndi England mu kiriketi, ndipo anatenga FA Cup ndi Arsenal mu 1950. Koma amene anafika nazo patali ndi Chris Balderstone. Tsiku lina mu Sepitembala 1975 anasewerera Leicestershire ku Chesterfield mpaka madzulo, ali ndi ma run 51 osatuluka. Anakwera galimoto kupita ku Doncaster, usiku womwewo anasewera mpira wa muligi mu timu ya Doncaster Rovers, ndipo m'mawa mwake anabwerera ku Chesterfield n'kukafikitsa ma run ake pa 116. Lero palibe kochi amene angalole zimenezo, ngakhalenso nyengo za masewero awiriwa zinalowana kwambiri moti n'zosatheka.

M'malo mwa penshoni panali mwambo wa chaka cha mphatso. Wosewera amene watumikira kalabu zaka pafupifupi 10 ankapatsidwa nyengo imodzi yoti ndalama za pachipata za gemu ina, zopereka za ochemerera ndi za maphwando zikhale zake. Mu 1927 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, pa mlandu wa James Seymour wa timu ya Kent, kuti ndalama zotere zisamadulidwe msonkho. Vuto lake n'loti mphatsoyo inkadalira kutchuka kwa munthu, kulemera kwa dera lake, ngakhale mvula. Ndipo wochotsedwa asanakwanitse zakazo ankapita chimanjamanja.

Osewera anakhazikitsa bungwe lawo la Professional Cricketers' Association mu 1967, ndipo pang'ono ndi pang'ono zinthu zinasintha. Lero makalabu a zigawo ku England amalemba osewera awo chaka chonse. Kuyambira 2025 malipiro otsikitsitsa a wongoyamba kumene ndi mapaundi 20,000 pa chaka, ndipo a wokhazikika ndi 28,000. Ku New Zealand makontrakiti a osewera a m'dziko sakwana chaka chathunthu, choncho kumeneko miyezi yozizira ikadali ya sukulu, ya ntchito ina, kapena yopita kukasewerera makalabu a ku England.

Pamene kampani imalemba ntchito wosewera

India ndi Pakistan anayankha funso lija mwa njira yosiyana kotheratu, ndipo kwa ife njira yake si yachilendo. Aliyense wotsata mpira wamiyendo ku Malawi amadziwa kuti Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya dziko, Blue Eagles ndi ya apolisi, Moyale ndi Kamuzu Barracks ndi za asilikali, monganso ZESCO United ndi Zanaco ku Zambia zilili za kampani ya magetsi ndi ya banki. Mnyamata wolowa timu ya asilikali sapeza jezi yokha, amapezanso ntchito imene idzakhalepo miyendo ikadzatopa. Kiriketi ya ku India ndi Pakistan inakula pa maziko omwewo.

Ku India, nthambi za boma ndi makampani a boma amasunga malo ena a ntchito kuti alembepo anthu a masewero. Njanji, mabanki, makampani a mafuta monga ONGC ndi Indian Oil, onse akhala akuchita zimenezi. Wosewera amalembedwa ngati kalaliki kapena ofisala, amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo ikafika nyengo ya masewero amamasulidwa. Ajit Wadekar, kaputeni amene anatsogolera India kupambana ku West Indies ndi ku England mu 1971, anali wantchito wa State Bank of India. Mumzinda wa Mumbai muli mpikisano wakale wa matimu a makampani wotchedwa Times Shield, umene nthawi ina unkadzaza ndi osewera a timu ya dziko. Nthambi ya njanji ili ndi timu yakeyake mu Ranji Trophy, Railways, ndipo inatenga chikhocho mu 2002 ndi mu 2005.

Wotchuka kwambiri amene anadutsa njira imeneyi ndi M.S. Dhoni. Kuyambira 2001 mpaka 2003 anali woyendera matikiti pa siteshoni ya sitima ya Kharagpur, kwinaku akusewera kiriketi ya m'dziko. Anasiya ntchitoyo, ndipo mu 2007 ndi mu 2011 anakweza zikho za dziko lonse ngati kaputeni wa India. Nkhani yake imakambidwa ngati ya munthu wolimba mtima amene anataya ntchito yodalirika n'kutsata luso. N'zoona, koma tiziikamba mosamala. Pa Dhoni mmodzi pali anzake ambirimbiri amene sanafike ku timu ya dziko, ndipo kwa iwo ntchito ya kunjanji ija ndiyo inaphunzitsa ana.

Chifukwa chake chimaoneka tikayang'ana malipiro. Osewera ambiri a Ranji Trophy alibe kontrakiti ya chaka, amalipidwa pa tsiku limene asewera. Malinga ndi mitengo imene BCCI, bungwe loyendetsa kiriketi ku India, linalengeza mu 2021, amene wasewera magemu osapitirira 20 amalandira ma rupee 40,000 pa tsiku, wa magemu 21 mpaka 40 amalandira 50,000, ndipo wopitirira pamenepo 60,000. Wokhala pabenchi amalandira theka. Wongoyamba kumene amene wasewera magemu onse 7 a m'gulu, masiku 4 gemu iliyonse, amapeza ma rupee 1,120,000. Si ndalama yochepa ku India. Koma imabwera pokhapokha akasankhidwa, akakhala wosavulala, komanso mpikisano ukachitika. Nyengo ya 2020 mpaka 2021 Ranji Trophy sinaseweredwe n'komwe chifukwa cha Covid-19, koyamba chiyambire mu 1934. Osewera anadzapatsidwa theka la ndalama ngati chipepeso pambuyo pake, koma m'miyezi yodikirayo amene anali ndi ntchito ya boma ankalandira mwezi ukatha, anzawo ali manja lende.

Ku Pakistan nkhaniyi inafika pokhala mkangano wa dziko. Kumeneko matimu a makampani ankapikisana pa sitepe ya first-class penipeni: kampani ya ndege ya PIA, Habib Bank, National Bank, bungwe la madzi ndi magetsi la WAPDA, kampani ya gasi ya SNGPL ndi ena. Dongosololi linakula m'zaka za m'ma 1970, pamene Abdul Hafeez Kardar, kaputeni woyamba wa dzikolo, ankatsogolera bungwe la kiriketi ndipo analimbikitsa mabanki kulemba osewera. Mwa osewera otchuka, Javed Miandad anali wa Habib Bank, Misbah-ul-Haq wa SNGPL.

Imran Khan, kaputeni wakale wa timu ya dzikolo amene naye anasewererapo PIA, ankatsutsa dongosololi kwa zaka zambiri. Maganizo ake anali oti palibe amene amapita kubwalo kukachemerera banki, kuti matimu akachuluka mpikisano umasukuluka, ndipo kuti Pakistan itengere Australia ya matimu ochepa koma olimba. Atakhala nduna yaikulu, mu 2019 matimu a makampani anachotsedwa ndipo panabwera matimu 6 a zigawo. Otsutsa kusinthaku ankati malo a osewera achepa kwambiri, ndipo makampani ena atatseka nthambi zawo za masewero, anthu ambiri anataya malipiro a mwezi ndi chithandizo cha kuchipatala. Utsogoleri utasintha, matimu a makampani anabwereranso mu 2023. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, kungoti zinkayankha mafunso osiyana. Ina inkafunsa momwe angapangire timu ya dziko yamphamvu, inayo inkafunsa momwe wosewera wamba angadyetsere banja.

Zimbabwe ndi maiko a ndalama zochepa

Pamene Zimbabwe inasewera Test yake yoyamba, gemu ya masiku angapo ya pakati pa maiko, mu Okutobala 1992 ku Harare, polimbana ndi India, osewera ake ambiri sankadya za kiriketi yokha. John Traicos anali loya wa zaka 45, amene anasewererapo South Africa mu 1970 n'kudikira zaka 22 kuti aseweretso Test. Pa gemu imeneyo anatulutsa anthu 5, kuphatikizapo Sachin Tendulkar amene anatuluka wopanda run ngakhale imodzi. Eddo Brandes anali mlimi wa nkhuku. Ndiye amene anasokoneza England pa chikho cha dziko lonse cha 1992 ku Albury, ndipo mu Januwale 1997 ku Harare anatulutsa omenya atatu a England pa mipira itatu yotsatizana. Mu 2009 Zimbabwe inakonza matimu 5 a makontrakiti, monga Mashonaland Eagles, Mountaineers ndi Matabeleland Tuskers, kuti wosewera wa m'dziko azitha kudalira kiriketi.

Kuti dziko lithe kulipira osewera ake zimadalira kwambiri gawo limene limalandira ku ICC, bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse. Bungweli lili ndi mamembala 12 a sitepe yoyamba ndi mamembala ena oposa 90 a sitepe yachiwiri. Pa kagawidwe ka 2024 mpaka 2027, India yokha imatenga pafupifupi 38.5 peresenti, pamene maiko onse a sitepe yachiwiri amagawana pafupifupi 11 peresenti. Malawi ili m'gulu lachiwirili. Inalowa mu ICC payokha mu 2003, ndipo magemu ake oyamba a T20 ovomerezeka pa dziko lonse inasewera ndi Mozambique mu Novembala 2019. M'maiko a gulu limeneli, kupeza mwana wasukulu, mphunzitsi kapena wabizinesi mu timu ya dziko ndi chinthu wamba.

Ngakhale maiko olemera a m'gululi sapulumuka. Mu Novembala 2020, pa tsiku limene fainolo ya chikho cha dziko lonse cha T20 ikanaseweredwa pakanapanda mliri, Paul van Meekeren wa Netherlands analemba pa Twitter kuti akugwira ntchito yoperekera chakudya ya Uber Eats kuti adutse nyengo yozizira. Patapita zaka ziwiri timu yake inagonjetsa South Africa ku Adelaide, n'kubwerezanso mu 2023 ku Dharamsala.

Amayi: mbiri yomweyo, koma mothamanga

Zimene kiriketi ya abambo inadutsamo m'zaka 100, ya amayi yadutsamo m'zaka zochepa chabe. Rachael Heyhoe Flint, kaputeni wa England amene anatenga chikho choyamba cha dziko lonse mu 1973, zaka ziwiri abambo asanakhale ndi chawo, anali mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi komanso mtolankhani. England inapereka makontrakiti oyamba kwa amayi 18 a timu ya dziko mu 2014, ndipo mu 2020 inaonjeza 41 a osewera a m'zigawo. Malipiro otsikitsitsa a 2025 tatchula aja ndi ofanana kwa abambo ndi amayi a sitepe yapamwamba. Ku India timu ya Railways yalamulira kiriketi ya amayi kwa zaka zambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: ndiyo inkapereka ntchito. Mithali Raj, kaputeni wakale wa India, anali wa timu imeneyo.

Amene akuonetsa bwino mphambano imeneyi ndi Georgia Redmayne wa ku Australia, womenya mpira komanso wogwira mpira kumbuyo kwa womenya. Anaphunzira udokotala kwinaku akusewera kiriketi ya m'dziko, ndipo wagwirapo ntchito m'chipatala pakati pa nyengo za masewero. Mu Malichi 2021, akugwirizira ukaputeni, anamenya ma run 134 osatuluka pa fainolo ndipo Queensland inatenga chikho cha amayi cha ma over 50 koyamba. Udokotala ndi ntchito yovuta kuiphatikiza ndi china chilichonse, chifukwa dokotala wachinyamata ali ndi masitepe a maphunziro oyenera kuwatsiriza, ndipo chaka chilichonse chimene wakhala pabwalo anzake a m'kalasi amakhala akumusiya. Zomwezo ndi zimene zinachedwetsa Grace zaka 150 zapitazo.

Nanga ndalama za T20?

Wina anganene kuti zonsezi ndi zakale, poti kunabwera IPL, ligi ya T20 ya ku India, mu 2008. N'zoona kuti ndalama za kumeneko ndi zoopsa. Mu Novembala 2024 timu ya Lucknow inagula Rishabh Pant pa ma rupee 270 miliyoni, ndipo mtengo wotsikitsitsa pa msika womwewo unali 3 miliyoni. Koma IPL ili ndi matimu 10, iliyonse ya osewera osapitirira 25, ndipo mwa iwo mpaka 8 atha kukhala akunja. Yerekezani ndi matimu 38 a Ranji Trophy, muona kuti ambiri sapezamo malo. Chimene T20 yachita n'kubweretsa mtundu watsopano wa wosewera, woyenda ligi ndi ligi, Januwale ku SA20 ya ku South Africa, kenako kwina, wopanda bwana mmodzi wokhazikika. Ameneyu amapeza zambiri akakhala pa fomu, koma akavulala palibe womusunga.

Ndipo ngakhale wa kontrakiti ya chaka chonse, funso la ntchito ina salithawa, amangolichedwetsa. Bungwe la osewera ku England lakhala likunena kuti pa avereji ntchito ya kiriketi imatha munthu ali ndi zaka 26. N'chifukwa chake limathandiza mamembala ake kuchita maphunziro ndi kuyeserera ntchito m'makampani akadali osewera. Ena sadikira kuchotsedwa. Zafar Ansari wa Surrey anasewerera England ma Test atatu mu 2016, chaka chotsatira anasiya kiriketi ali ndi zaka 25, ndipo anakakhala loya.

Mafunso amene sanayankhidwe

Pali mkangano wosatha pa nkhani yoti ntchito yachiwiri imamuthandiza wosewera kapena imamubweza m'mbuyo. Makochi ambiri amati kiriketi ya lero imafuna thupi lokonzedwa chaka chonse, ndipo munthu wochokera kuntchito atatopa sangapikisane ndi amene tsiku lonse ali ku maphunziro a timu. Ena amati wosewera amene akudziwa kuti lendi ilipidwa kaya amenye bwino kaya ayi amasewera momasuka, pamene mnzake wodalira kontrakiti ya chaka chimodzi amalowa m'bwalo ali ndi mantha. Zitsanzo zilipo mbali zonse ziwiri.

Sizikudziwikanso ngati ntchito za pa intaneti zitsegule khomo limene linali litayamba kutsekeka. Wolemba mapulogalamu atha kugwira ntchito ali mu hotela, koma namwino, mphunzitsi ndi wapolisi sangatero. Ngati ntchito ziwiri zikhale zotheka kwa anthu a maphunziro apamwamba okha, kodi sitikhala titabwerera ku nthawi ya mabwana ija mwa njira ina? Palinso nkhani ya kuvulala. Wosewera wa kontrakiti ya miyezi yochepa akathyoka chala pabwalo n'kulephera ntchito yake ina kwa miyezi iwiri, womulipira ndani, timu kapena bwana wake?

Kwa amayi funso ndi loti makontrakiti akamakula, madokotala, maloya ndi aphunzitsi adzapitiriza kupezeka m'matimu, kapena mtsikana adzayenera kusankha chimodzi ali ndi zaka 18. Ndipo kwa maiko a sitepe yachiwiri maso ali ku Los Angeles, kumene kiriketi ya T20 idzaseweredwe pa Olympics ya 2028, koyamba chichokere mu 1900. Malo ndi a matimu 6 okha a abambo ndi 6 a amayi, choncho ambiri sadzapitako. Chimene akudikira kuona n'choti kaya maboma awo, poona kuti kiriketi tsopano ndi masewero a Olympics, ayamba kuikamo ndalama zokwanira kulipira wosewera wa m'dziko, kapena ndalamazo zidzathera pa osewera 15 a timu ya dziko basi.